Mapasipoti awiri muli nawo, nanga mayi ndi ana alowera khomo liti?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Namwera amene ali ku Johannesburg:

"Ndinabwera ku Joni mu 2003. Mu 2007 ndinakwatira mkazi wa konkuno, tinamanga nikaha kumzikiti kenako n'kukalembetsa ku Home Affairs. Mu 2016 ndinatenga unzika wa South Africa, koma pasipoti ya Malawi ndikadali nayo, ndipo chitupa cha unzika ndinajambulitsa mu 2017 nditabwera kudzaona mayi. Tili ndi ana awiri obadwira konkuno, mtsikana wa 2009 ndi mnyamata wa 2018, komanso timalera mwana wa malemu mng'ono wa mkazi wanga. Ndatopa, ndikufuna tibwerere tidzatsegule shopu pa Mangochi boma. Poti boma linalola unzika wa mayiko awiri, kodi onsewa angangotenga mapasipoti a Malawi? Pali mkulu wina akuti ndimutumizire ndalama, atipangira onse pa sabata imodzi."

Achimwene, ndalamazo zibwezereni kaye m'thumba, za mkulu ameneyo tikamba kutsogoloku. Inu mukuona banja limodzi lodyera mbale imodzi, pamene lamulo likuona anthu asanu, aliyense ndi khomo lake. Unzika umayenda ngati magazi. Umatsika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, koma sudumphira cham'mbali kwa amene mwakwatirana naye, ngakhale mutakhala m'nyumba imodzi mpaka imvi. Ndipo ngakhale kwa mwanayo, umatsika pokhapokha ngati kholo linali nawo tsiku limene iye ankabadwa.

Ndiye tiyambe ndi inuyo, chifukwa ena onsewo akoloweka pa msomali wanu.

Kukhala ndi timabuku tiwiri m'chikwama si kukhala nzika ya mayiko awiri. Mu 2016 lamulo la unzika la 1966 linali lisanalole unzika wapawiri, ndipo linkati munthu wamkulu akatenga mwa kufuna kwake unzika wa dziko lina, wa Malawi umathera pomwepo. Panalibe kalata yokudziwitsani, panalibenso wobwera kudzalanda pasipoti. N'chifukwa chake matchona ambiri anapitiriza kuyendera pasipoti ya kuno, ena mpaka kukatenga yatsopano yakale itatha, osadziwa kuti pansi pake palibe chimene yatsamira. Ku South Africa nako, kuyambira mu 2013, lamulo lawo limafuna kuti munthu wochokera ku dziko losalola unzika wapawiri ayambe wakana wakwawo asanalumbire. Kafukuleni envelopu ya mapepala a chaka chimenecho. Mwina mupezamo kalata imene munasaina muli pa changu, yokana Malawi ndi dzanja lanu lomwe.

Aphungu anasintha lamuloli mu Disembala 2018, linayamba kugwira ntchito mu 2019, ndipo ndondomeko zake zinatuluka kumapeto kwa 2021. Linalola kuti Mmalawi wobadwa nawo unzika, kaya anabadwira kuno kaya anatengera kwa kholo ali kunja, athe kukhalanso ndi wa dziko lina. Linatsegulanso njira yoti amene anautaya chifukwa cha lamulo lakale lija apemphe kuti ubwezeretsedwe. Mawu oti "apemphe" muwagwiritsitse. Sizinali ngati chikhululukiro cha akaidi cholengezedwa pa wailesi. Aliyense amadzaza fomu yake, kulipira, n'kudikira setifiketi. Chitupa cha 2017 chija musachidalire pa nkhani imeneyi: a NRB, bungwe la boma lopereka zitupazi, ankalemba anthu mamiliyoni m'miyezi yochepa, potengera mapepala kapena umboni umene munthu wabwera nawo. Chitupa chimachitira umboni unzika umene ulipo, sichidzutsa umene unatha.

Mwayi wanu ndi woti fayilo ngati yanu si yovuta. Munabadwira kuno, mayi ali moyo, amfumu amene anakuonani mukutuluka ku ndagala angathe kulemba kalata, kwa DC n'kudindapo. Muphatikize pasipoti yakale ndi setifiketi ya unzika wa South Africa, osaibisa, chifukwa ndi yomwe ikusonyeza tsiku limene munautaya. Mungayambe kufunsa muli komweko, ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg. Mpaka setifiketi yobwezeretsa unzika ituluke, pamaso pa lamulo inunso ndinu mlendo pa Mangochi. Zimenezi zikukhudza puloti imene mukufuna kugula ndi layisensi ya shopu, chifukwa mlendo ali ndi malamulo ake olemerapo pa zonse ziwirizi.

Mtsikana wa 2009 alibe vuto, ngakhale mwina sadziwa n'komwe kuti Malombe ndi nyanja kapena phiri. Tsiku limene ankabadwa inu munali Mmalawi wobadwira kuno, ndipo lamulo limati mwana wobadwira kunja amakhala nzika kuyambira tsiku lobadwa ngati bambo kapena mayi ake ndi nzika yobadwira m'dziko muno. Simukamupemphera unzika, mukangosonyeza umboni wa umene ali nawo kale. Zoti inu munadzautaya patapita zaka zisanu ndi ziwiri sizimukhudza. Kudzera mwa mayi ake ndi nzikanso ya South Africa. Kale akanayenera kusankha kumodzi akakwanitsa zaka 21, ndipo amene wafika 22 asanakane unzika winawo, wa Malawi unkangotha wokha. Pano sakakamizidwanso kusankha, chachikulu akakula akadziwitse a Immigration kuti ali ndi unzika wapawiri, zilembedwe. Chitupa cha NRB chimayambira zaka 16 ndipo a pasipoti amachifuna, ndiye ayambire kumeneko. Pepala lomunyamula ndi setifiketi ya kubadwa yaitali ija, imene ku Joni amaitcha unabridged, yokhala ndi mayina a makolo onse awiri. Yaifupi yokhala ndi dzina la mwana lokha siisonyeza kuti inu ndinu ndani wake.

Pali kanthu kamene anthu amakadziwa zidzukulu zitabadwa kale. Unzika wotengera kwa kholo sutsika mpaka kalekale. Mtsikanayu akadzakwatiwa ku Durban n'kuberekera komweko, mdzukulu wanuyo sadzangokhala Mmalawi mwa iye yekha, popeza mayi ake si obadwira kuno. Akadzaberekera pa chipatala cha Mangochi nkhani ndi ina.

Mnyamata wa 2018 ndi amene wandikhalitsa pansi. Bere limodzi, bambo mmodzi, koma iye anabadwa nthawi imene pa pepala inu simunali Mmalawi. Ofesala wowerenga fayilo mosathamanga adzaika setifiketi yanu ya 2016 pambali pa ya kubadwa ya 2018, masamuwo n'kuwawerenga yekha. Khomo lake lilipo. Lamulo limalola nduna kulembetsa mwana wamng'ono wa nzika ya Malawi kuti nayenso akhale nzika, kholo likapempha. Kholo lopemphalo liyenera kukhala nzika, ndiye mwaona chifukwa chake ndinayamba ndi inu. Koma nzika yolembetsa ndi nzika yotengera kwa kholo saziika mu dengu limodzi pa nkhani ya unzika wapawiri. Choncho musanasaine chilichonse chokhudza pasipoti yake ya South Africa, lembani kalata yofunsa kuti mwanayu amuika m'gulu liti, ndipo yankho libwere pa pepala lachidindo, osati la pakamwa pa windo. Ngati pali pamene ndalama ya loya ingagwire ntchito m'nkhani yonseyi, ndi pamenepa. Musazengereze nazo poti mwana akadali wamng'ono, chifukwa khomo la ana limatsekeka akakula, ndipo zaka zimathamanga mukayamba kutanganidwa ndi shopu.

Ndisanafike kwa alamu, akazi anuwo, ndikuuzeni za jumbo ina.

Chaka china kunabwera bambo wa kugombe, cha ku Makanjira, atanyamula jumbo yakuda yodzaza mapepala. Anakhuthulira pa tebulo panga, ena atamatirirana ndi madzi a m'boti, tinachita kuwalekanitsa ndi mpeni wa buledi. Pasipoti yakale inkati anabadwira ku Mangochi. ID ya ku Joni inkati anabadwira ku Limpopo, dzina lina, zaka zitachepa zinayi. Setifiketi ya mwana inatengera ID ija. Mwanayo anali pomwepo pa benchi akudya chitumbuwa, nkhope ya bambo ake osasiyako, mpaka kampata ka mano. Koma pa pepala analibe kholo lachimalawi. Kuti tikonze zinafunika kuti bamboyo akavomere yekha kuti ID ija inali yogula, ndipo munthu sathamangira kukadzineneza. Ananyamula jumbo yake n'kunena kuti akaganize kaye.

Mapepala anu ndi oyera, komabe ayaleni onse pa mphasa muwerenge dzina ndi dzina, tsiku ndi tsiku. Mayina akwathu amasintha akawoloka Limpopo: Saidi amasanduka Said kapena Sayed, Amidu amakhala Hamid, dzina la bambo limasinthana malo ndi la agogo. Chilembo chimodzi chimagoneka fayilo miyezi. Mukapeza kusiyana, kalumbireni kalata yofotokoza kuti ndi munthu mmodzi yemweyo mudakali komweko.

Tsono mkulu wa sabata imodzi uja. Dobadoba alibe mphamvu yopereka unzika, mphamvu imeneyo ili ndi nduna. Chimene angachite ndi kulembetsa alamu ngati mbadwa ya mudzi wina wake, ndi kalata yabodza, zala zawo n'kulowa mu kompyuta ya boma pa mbiri yopeka. Tsiku lina pa boda ofesala adzangofunsa kuti, "Mayi, kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani?" Munthu wosatha Chiyao kapena Chichewa adzayankha chiyani? Pamenepo ndi mlandu, kuthamangitsidwa m'dziko, mwinanso kuletsedwa kubwerera. Chopweteka kwambiri n'chakuti setifiketi yanu yeniyeni ya ukwati, imene ikanawatsegulira khomo labwino, simungaitulutsenso, chifukwa ikuti iwo ndi a ku South Africa. Ndipo mtsikana amene unzika wake ndi weniweni adzayamba kukayikiridwa chifukwa cha fayilo ya mayi ake.

Alamu njira yawo ndi yaitali, koma ndi yowongoka. Nzika ya South Africa siifuna viza polowa m'Malawi. Pa Mwanza kapena pa Chileka adzawadindira chilolezo cha mlendo cha masiku 30, ndipo angathe kuwonjezera ku ofesi ya Immigration mpaka onse pamodzi akwane 90. Ofesi ilipo pa Mangochi pompano, simufunika kukwera basi ya ku Blantyre chifukwa cha chidindo. Koma mlendo ndi mame. Chilolezo chimenechi si chokhalira, ndiponso sichilola ntchito kapena malonda. Kuima kuseri kwa kauntala n'kumapereka chenji ndi ntchito, ngakhale shopuyo ndi ya amuna awo. Ndikudziwa kuti ena masiku akatha amakwera njinga yamoto mpaka pa Chiponde, kukamwa tiyi ku Mandimba, madzulo n'kubwerera ndi chidindo chatsopano. Zimayenda kamodzi, kawiri, mpaka ofesala atsegule pasipoti yodzaza zidindo za boda imodzi yomweyo n'kufunsa kuti kodi mayiwa amakhala kuti kwenikweni. Ndipo zaka zokhala mwa njira imeneyo zimapita pachabe, chifukwa pa fayilo munthuyo amaonekabe mlendo wongodutsa.

Masiku 90 asanathe, apemphe chilolezo chokhala kwa kanthawi, chimene a Immigration amachitcha Temporary Residence Permit, cha miyezi isanu ndi umodzi. Chimenecho ndi mlatho chabe. Kumene mukupita ndi ku Permanent Residence Permit, imene ambiri amangoti PRP, chilolezo chokhazikika, ndipo ukwati ndi nzika ya Malawi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amaperekera. Ena akuuzani za TEP, chilolezo cha ntchito, ndi BRP, chilolezo cha bizinesi. TEP amapempha ndi bwana wolemba ntchito mlendo waluso, imakhala ya zaka ziwiri. BRP ndi ya zaka zisanu, ya munthu wobweretsa mpamba waukulu kuchokera kunja. Shopu ya banja pa boma siikwana m'zovala zimenezo.

Pa PRP adzafuna setifiketi ya ukwati, kalata ya apolisi akwawo yosonyeza kuti alibe mlandu, ya dokotala, umboni wa mmene banja lizipezera chakudya, ndi umboni woti mwamuna wawo ndi Mmalawi. Chomalizachi ndi chimene chimagwetsa mafayilo a anthu ngati inu. Mukapereka fayilo ya alamu setifiketi yanu isanatuluke, mwapereka fayilo ya mkazi wa mlendo mnzake. Mapepala a ku South Africa atengeni musananyamuke, ndipo a ukwati ndi a kubadwa mukawadinditse chidindo cha apostille ku DIRCO, unduna wawo wa za kunja, ku Pretoria, chifukwa Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano lovomereza chidindo chimenecho. Kalata ya apolisi yokha muitenge chakumapeto, imakalamba pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Pofunsira nenani poyera kuti mayiwa azithandiza bizinesi ya banja, kuti zimene aloledwa kuchita zilembedwe. Malipiro amasintha, afunseni pa ofesi tsiku lomwelo, ndipo kwacha iliyonse ituluke ndi lisiti ya boma. PRP ikatuluka musaiyese mwala: munthu akakakhalitsa kunja osabwera, imafa. Mayi awo akadzadwala ku Joni n'kufuna kukawasamalira nthawi yaitali, ayambe afunsa malire ake.

Nanga unzika? Lamulo lili ndi malo a mkazi wachilendo wokwatiwa ndi nzika ya Malawi. Akakhala m'dziko muno movomerezeka zaka zisanu angathe kupempha kuti alembetsedwe, ndipo nduna ndi imene imavomera kapena kukana. Koma mtengo wake ndi uwu: unzika wapawiri anaupereka kwa obadwa nawo. Wolowa pa khomo la ukwati amayenera kusiya wakwawo. Mwina mwamva kuti mu Meyi 2025 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linathetsa ndime imene inkalanda anthu unzika akatenga wa dziko lina asanapemphe chilolezo. N'zoona, koma zimenezo zamasula mbali ya uko. Mfundo ya kuno ikadali yomanga.

Ine maganizo anga, alamu asathamangire pasipoti ya Malawi. Munthu amene abale ake onse, manda a makolo ake ndi chipatala chimene anachizolowera zili ku South Africa, kumusiyitsa unzika wakwawo n'kumudula mwendo umodzi kuti nsapato ikwane. Akadzaufunanso adzayenera kubwerera kukakhazikika komweko n'kuyamba kupempha. Ndi PRP angathe kukhala pano mpaka kukalamba, kulera ana, kutuluka ndi kulowa. Chimene sangachite ndi kuvota, kuyendera pasipoti yathu, ndi kukhala ndi malo mofanana ndi mbadwa. Akhale kaye zaka zisanuzo, alawe kutentha kwa Okutobala pa Mangochi, adye ugali wa ku Namwera, kenako asankhe okha, osati inu kuwasankhira.

Nkhani ya malo ndiyo ndikufuna muigonere tulo, chifukwa mapepala a Immigration sayifika. Malamulo a malo a 2016, ndi kusintha kwa mu 2022, anapanikiza kwambiri zoti munthu wosakhala nzika agule malo, ndipo malo a mafumu amalembetsedwa kwa nzika. Pamwamba pa lamulo pali mwambo wathu. Kwathu kuno mwamuna amakamanga kwa mkazi, ndipo malo a kwa mayi anu ndi a mbumba, a alongo anu ndi ana awo. Inu mwabweretsa mkazi amene alibe mudzi wake kuno. Mukamanga nyumba ya malata pa malo a mayi anu, muli moyo aliyense azidzati "alamu, alamu," akulandira shuga wa ku Joni. Tsiku limene mudzatsogole, mayiwa adzakhala mlendo kawiri, kwa boma ndi kwa mbumba, ndipo ana anu pa mwambo si a pamudzipo. Ndaziona zimenezi kangapo, sadaka isanachitike makiyi atasintha kale manja. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma mayi wosadziwa chilankhulo, amene chilolezo chake chinatsamira pa malemu, mphamvu yopita kukhoti amaipeza kuti? Gulani puloti yanuyanu unzika wanu ukabwerera, ikhale ndi mapepala, lembani wilu yotchula mkazi ndi mwana aliyense dzina lake, ndipo a mjomba anu aimve mukadali moyo.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha ena amene akuwerenga. Amayi akwathu okwatiwa ndi amuna achilendo, kaya mzungu wa ku Cape Maclear kaya mnyamata wa ku Mandimba, njira yawo ndi yokwera kuposa yanuyi. Lamulo la 1966 linalembedwa likuona mkazi wachilendo wotsata mwamuna wachimalawi, za mwamuna wotsata mkazi silinaziganizire. Mwamunayo amadzera njira ya mlendo aliyense, zilolezo kaye, kenako kupempha unzika atakhala zaka zambiri, pa njira ya wamba zisanu ndi ziwiri. M'boma limene mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi, zimenezi n'zozondoka, ndipo sizigwirizana ndi ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko, imene imapatsa amayi ufulu wofanana pa nkhani za unzika. Ana awo okha ndiye alibe vuto, mayi amapatsira mwana unzika chimodzimodzi bambo.

Enanso ukwati wawo unathera pa nikaha. Lamulo la maukwati la 2015 kuno limalemekeza ukwati wa kumzikiti, wa kutchalitchi, wa ankhoswe ndi wa kwa DC mofanana, ndipo ku South Africa khoti lalikulu linagamula mu 2022 kuti maukwati a Chisilamu azivomerezeka. Koma ofesala wa Immigration sanali nawo pa mpunga. Amafuna setifiketi yolembetsedwa m'kaundula wa boma, osati zithunzi za pa foni. Inu munachita bwino kupita ku Home Affairs. Kumbukirani chabe kuti ukwati wa mtundu umenewo ndi wa mkazi mmodzi. Abale akadzayamba zoti "mupezenso wa konkuno wodziwa kulima," dziwani kuti pa lamulo umenewo ndi mlandu, ndipo PRP ya alamu yatsamira pa ukwati womwewo.

Mwana wa malemu uja m'nyumba mwanu ndi mwana ngati enawo, koma alibe kholo lachimalawi, ndiye unzika wanu sumufika. Chofunika choyamba chili ku South Africa: chikalata cha khoti la ana chosonyeza kuti inu ndi alamu ndinu omulera mwalamulo, setifiketi ya imfa ya mayi ake, ndi chilolezo cha bambo ake ngati ali moyo ndipo ali pa setifiketi ya kubadwa. Popanda zimenezi mudzatsitsidwa naye pa Beitbridge. Kuno angakhale monga mwana wodalira alamu pa fayilo yawo, kapena pa chilolezo cha mwana wa sukulu. Mukafuna akhale wanu pa lamulo, zimenezo zimadzera kukhoti, osati kwa amfumu. Muganizirenso za tsiku limene adzakwanitse zaka 18, chifukwa kuyambira pamenepo adzafunika pepala lakelake.

Kukanakhala kwa ine, ndikanabwera ndekha kaye kudzatula fayilo yanga n'kuona puloti, banja n'kutsatira setifiketi itatuluka, makamaka kumapeto kwa chaka cha sukulu. Zikatero alamu adzabwera okha ndi ana, ndiye muwasiyire kalata yanu yolumbira yolola kuti anawo atuluke, pamodzi ndi kope ya pasipoti yanu ndi masetifiketi aatali aja, chifukwa a South Africa salola mwana wawo kutuluka ndi kholo limodzi popanda zimenezo. Inuyo potuluka ndi polowa ku South Africa muzisonyeza pasipoti ya South Africa, lamulo lawo limatero kwa nzika iliyonse yaikulu. Ya Malawi muziitulutsa pa Mwanza, ikakhala yoti yatsamira pa setifiketi yatsopano ija.

Basi ikafika pa Mwanza anthu amakhala atatopa ndi Nyamapanda ndi kutentha kwa ku Tete, kondakitala akukuwa kuti tizipita. Muwauze alamu kuti asachoke pa kauntala asanatsegule pasipoti iliyonse n'kuwerenga tsiku limene ofesala walemba pa chidindo, chifukwa nthawi zina amalemba masiku ochepera 30, ndipo amene amagwira ntchito ndi olembedwawo. Tsikulo akalilembe pa kalendala ya kukhitchini, ndipo kutatsala sabata kuti lifike akhale ali pa mzere wa ku Immigration pa boma, ana onse ndi mapasipoti awo m'manja.